Sajeni Moses, Amene Kwathu Ndi Wyson

Mchimwene wanga ali ndi mayina awiri. Kwathu ku Chinakanaka ndi Wyson, mwana wotsiriza wa malemu mayi athu, ndipo ine Ireen ndine mchemwali wake wamkulu. Kupolisi, kumene wagwirako ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amamudziwa kuti Sajeni Moses Nakhumwa. Musafulumire kumuyesa kathyali. Munthu wake ndi wamanyazi, woti ngakhale nthochi ya pabenchi panga pamene ndimagulitsira satenga asanapemphe.

Nkhani yake inayambira kusukulu. Wyson analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri, kawiri konseko anakhoza koma osasankhidwa kupita kusekondale. Masiku amenewo kunkamveka kuti mwana wobwereza sasankhidwa, choncho ambiri ankalembanso ndi dzina lina. Mphunzitsi wina, amene anatisiya kalekale, anatsegula kaundula wa sukulu n'kupeza dzina la mnyamata amene anasiya sukulu n'kubwerera kwawo ku Mozambique. Anangoti, "Iwe, kuyambira lero ndiwe Moses." Mayi athu ankathyola tiyi pa esiteti ndipo cholembera sankachidziwa. Iwo anati bola mwana aphunzire.

Moses anasankhidwadi. Satifiketi inatuluka ya Moses, ndipo apolisi analemba ntchito Moses. Anamutumiza ku Nsanje, kenako ku Kasungu, kenako ku Karonga, kumene anabwerako atada bii ndiponso atazolowera mpunga moti anayamba kutinyoza. Mapeto ake anamubweza kuno ku Mulanje, pa Boma. Mkazi wake Leah anathawa vuto la mayinali pongomuitana kuti bambo a Dan, basi.

Ntchito yake ankaigwira mwa iye yekha. Anthu akakangana pamsika chifukwa cha malo oyala chinanazi, apolisi ena ankabwera ndi unyolo, iye ankabwera ndi nkhani. Ankawakhazika pansi odandaula ndi odandaulidwa, n'kuyamba kufunsa za makolo awo mpaka onse atatopa n'kugwirana chanza kuti angomasuka. Nsapato zake zinkawala ngakhale m'matope a mu Febuluwale. Ine ndinkamuseka kuti akanakhala kuti amasamala mutu wake ngati nsapatozo, dazi silikanabwera msanga.

Chaka chimene kunabwera kalembera wa ziphaso za unzika, Wyson anali kumudzi patchuthi chifukwa mayi ankadwala miyendo. Anawaperekeza pamzere atawagwira mkono. Mayi atamaliza, mlembi anatembenukira kwa iye n'kufunsa dzina. Asanatsegule pakamwa, mayi anayankha mokweza, monyadira, kuti mzere wonse umve: "Ameneyu ndi Wyson Muhiwa, mwana wanga, wapolisi!" Inu mukanatani? Kukana dzina pamaso pa amene anakupatsa, anthu a m'mudzi akumva? Wyson anangoti, "Eya, n'choncho." Chiphaso chinatuluka cha Wyson. Anachisunga pansi pa sutikesi, ndipo kwa zaka zingapo palibe amene anachiika pafupi ndi fayilo yake ya kuntchito.

Koma mlandu suwola. Loweruka lina m'mawa ndinangomuona watulukira pabenchi panga atavala zakunyumba, nkhope itagwa ngati wachokera kumaliro. Anakhala pa kreti osapereka n'komwe moni.

"Kwagwanji, iwe? Leah ali bwanji?"

"Leah ali bwino, achemwali. Ine ndi amene ndatha."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Malamulo a penshoni anali atasintha. Kale munthu ankangogwira ntchito n'kudikira kuti boma lidzamupatse zake popuma. Tsopano aliyense akhala ndi thumba lakelake, mwezi uliwonse azidulidwa kenakake pamalipiro n'kuponya m'menemo, boma n'kuwonjezerapo, ndipo zaka zimene wagwira kale aziwerengera momwemo. Kudulidwako iye sankadandaula nako. Vuto linali lakuti thumbalo amalitsegula ndi chiphaso cha unzika. Akuluakulu ochokera kulikulu anali atafika kale pa Boma, ndipo aliyense ankalowa ndi chiphaso chake kuti achiyerekeze ndi fayilo.

"Fayilo ikuti Moses, chiphaso chikuti Wyson. Akandifunsa kuti Moses ali kuti ndiyankha chiyani? Andichotsa ntchito chimanjamanja, achemwali. Zaka zonsezi zipita m'madzi, kwangotsala zinayi kuti ndipume. Mwinanso anditsekera m'chitolokosi chomwe ndimatsekeramo anzanga."

Mantha anandigwira, sindinama. Ndinaganiza za Dan amene ali kukoleji, ndi nyumba yawo imene yaima pamawindo chaka chachitatu tsopano. Koma kenako anawonjezera mawu amene anandipsetsa mtima.

"Ndimaganiza ndingonena kuti chiphaso chinatayika."

"Wati chiyani? Bodza la mphunzitsi lija linali la ana, ili likhala lako ndi dazi lakoli. Ndiye akakapeza chithunzi chako m'makina mwawomo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Wyson. Lolemba tipitira limodzi, ukanene wekha asanakufunse."

Lolemba ndinasiyira benchi mnzanga Hajira, tinakwera minibasi kupita pa Boma. Yunifolomu Wyson anaisita mpaka kuthwa, akuti ngati ndi tsiku lomaliza kuivala, aivale bwino.

Muofesimo munali mayi wachitsikana, Insipekitala Asima Tahiru, msinkhu woti akanatha kukhala mwana wanga. Wyson anamenya sawasha, n'kuika chiphaso patebulo. Anafotokoza zonse kuyambira kwa mphunzitsi uja mpaka pamzere wa kalembera, thukuta lili kamukamu. Ine ndinaima pakhomo nditakumbatira chikwama, ndikupemphera chamumtima.

Mayiwo anamvetsera osamudula. Atatha anafunsa, "Mayeso analemba ndani?"

"Ndine, bwana."

"Kusukulu ya apolisi anapita ndani? Zala zimene zinadindidwa m'fayilo muno n'za ndani?"

"Zanga, bwana."

"Nanga Moses weniweniyo anayamba wabwerapo kudzafuna dzina lake?"

"Ayi, bwana. Sindidziwa n'komwe ngati ali moyo."

Anatsegula kabati n'kutulutsa mulu wa mapepala omangidwa ndi mphira. "Bambo Nakhumwa, inu ndinu wachisanu ndi chinayi chiyambireni ntchitoyi. Anthu a msinkhu wanu ambiri anabwereza Sitandade 8 ndi mayina a eni. Tikati tichotse onse, pamsewu patsala ndani? Pitani kukhoti mukalumbire kuti Wyson Muhiwa ndi Moses Nakhumwa ndi munthu mmodzi. Mutenge mboni yokudziwani chibadwire. Kalata ya kukhotiyo tiiphatika pafayilo, ipita kulikulu, zaka zanu zonse zilowa m'thumba lanu. Mwachita bwino kunena nokha."

"Mboni ndi ineyo!" ndinafuula pakhomo paja, mpaka mayiwo anaseka.

Mtima wanga unakhala pansi ngati ndatula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri. Koma mayi Tahiru anali akutembenuzabe masamba a fayilo, ndipo anaima pena atakwinya nkhope.

"Pali china chimene sindikumvetsa. Munaitanidwa katatu kumaphunziro okwezedwa udindo. Katatu konse munalemba kuti mukudwala. Mumadwala chiyani, Sajeni?"

Wyson anayang'ana pansi. "Kumeneko amafuna mapepala onse, bwana. Ndinkaopa kuti akatsegula fayilo."

Mayiwo anatseka fayiloyo mwaulemu. "Mukanakhala inu pampando uno," anatero motsitsa mawu.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti akuluakulu amangomudumpha chifukwa sadziwa kunyengerera, ndipo ndinawatukwanapo kangapo chamumtima anthu osalakwa.

Kukhoti sitinathe n'komwe ola limodzi. Iye analumbira, ine ndinalumbira, mlembi anamenya chidindo. Tinatuluka n'kukhala pabenchi ya simenti pansi pa mtengo, dzuwa lili paliwombo. Ndinali wokondwa moti ndinkafuna kuyimba, komanso ndinali nditakonza mawu oti ndimukalipire bwinobwino chifukwa chondibisira. Wyson anagwira kalata ija ndi manja awiri, n'kuitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kwalembedwa zina. Kunalibe kanthu.

"Achemwali," anatero, "pepala lake ndi limeneli? Limodzi lokhali?"

Anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe pamene kusekako kunasandukira kulira. Mawu anga onse aja anathawa. Nthawi yomweyo anyamata awiri a kupolisi kwake ankabwera chapoteropo akuperekeza munthu wa mlandu. Ndinaimirira msangamsanga, n'kumasula chitenje changa ngati ndikuchikonza, n'kuchitambasula kutsogolo kwake mpaka anyamatawo atadutsa.