Laimu wa Sharifa pa Masamu a Tahiru

Amene amati Tahiru Sulemani wa pa Nkhotakota Boma anapenga ndi sukulu atseke pakamwa, samudziwa! Munthuyu anafika ku yunivesite ku Joni, kukaphunzira za maelekitironi, tinthu tosaoneka timene timathamanga m'waya kuti babu liyake. Anabwerako digiri isanathe bambo ake atafa ziwalo. Anawasambitsa, kuwatembenuza, zaka zisanu, mpaka kuwaika m'manda.

Funso lake linali limodzi: bwanji m'miyala ina maelekitironi ali mbwee koma magetsi sadutsa? Pa depoti ankafotokoza chonchi: "Minibasi yadzaza, aliyense pampando wake, aliyense sakufuna kukhudzana ndi mnzake. Asunthe ndani? Ndiye sungawerengere mmodzimmodzi, uwatenge onse pamodzi. Masamu ake ndi owawa."

"Apulofesa, kwerani tidzaze!" ankakuwa makondakitala. Mbuli zenizeni.

Mphunzitsi wake wa ku Joni anamulembera kuti akatumiza yankho Juni asanathe, amulandiranso. Laputopu inali itafa kalekale, makope chiswe chinadya, ndiye Tahiru anasamukira pakhoma la pabalaza. Ndi makala! Timabokosi, timivi toloza kumwamba ndi pansi, miyezi isanu ndi iwiri. Kafoni kake kanali kamabatani, kosajambula. Ankati akopera papepala akafika mzere womaliza.

Kutatsala masiku atatu kuti Idi ikwane, anapita ku Malengachanzi kukamweta mpunga. Mlongo wake Sharifa anatulukira kuchokera ku Dwangwa, n'kupeza khoma lili bii. Alendo a Idi adzaone zimenezi? Anasungunula laimu, n'kupaka khoma lonse kuti mbee.

"Achimwene, taonani!" anatero Sharifa, Tahiru akulowa. "Nyumba yaoneka ya munthu. Mwina ndi mkazi yemwe apezeka tsopano."

Tahiru anatula thumba la mpunga. Anakanda khoma ndi chikhadabo. Pansi pake panalibe kanthu. Sharifa sagwira ntchito yachinyengo, anayamba wakwecha ndi madzi.

"Mwapaka bwino, chemwali," anatero.

Masabata awiri analimbana nazo kuti akumbukire. Chiyambi chinabwera, pakati panakana. Juni anatha, kalata sinapite.

Lero amakonza mawailesi ndi matochi pakhonde la sitolo kumsika, imvi zili tuu, munthu wosakwana zaka makumi anayi. Sharifa sanauzidwe zimene anafufuta pakhoma paja, ndipo Tahiru analumbiritsa anzake onse kuti asayerekeze. Chaka chilichonse Idi ikayandikira mayiyu amabwera ndi laimu wake, akuimba. Tahiru amamugwirira ndowa.