Tenti ya Anthu Awiri Ili Pansi pa Bedi

Anzanga, Tiwale ndinakumana naye pamalo odikirira basi ku Oud Metha, kuno kudziko la eni komwe tinabwera kudzagwira ntchito, Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi. Ankaimba chapansipansi kolasi yomwe tinali titangoimba, koma ankaikometsa kuposa kwaya yonse.

"Achemwali, mawu amenewo mukuwaseweretsa pamsewu pano," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Nanga inu tayi imeneyo padzuwa lonseli, mukufunsira ntchito kwa dalaivala?"

Basi, ndinagwa m'chikondi pomwepo!

Ine ndine Rodgers. Digiri ya marketing ndili nayo, koma ndimapanga khofi mu café ina ku JLT, kugona pa bed space, bedi la lendi m'chipinda cha anthu ambiri, ku International City. Kudikira sindikudziwa, ndivomere. Tiwale amalera ana awiri a madam wina, amagona konko, amatuluka Lamlungu lokha. Chikondi chathu chonse chinkakwana m'tsiku limodzi pa sabata.

Mu November, Mwamba, mnyamata wa ku Lusaka woimba gitala, anatsegula gulu la WhatsApp. Oimba a ku Malawi ndi ku Zambia, masiku awiri m'chipululu, ng'oma, magitala, kugona m'matenti. Ine sindiimba, koma ndinaona mwayi: ndijambule ma video, nditchuke, nditsanzikane ndi makina a khofi.

Ndinagwira ntchito ngati bulu. Jenereta ya ma speaker ndinapeza ndine, nkhuni ndine, ma cooler box ndine. Ndinagulanso tenti ya anthu awiri ndi bulangete lochindikala, poti kumchenga kuja kumazizira.

Tiwale anandiimbira akusekerera.

"Bae, madam avomera! Koma ndiwapatse ma off atatu, iwo andipatse Loweruka ndi Lamlungu."

"Masabata atatu osakuona?"

"Pirira iwe. Sunadikirepo basi ya ku International City?"

Sabata yoyamba ndinapirira. Yachiwiri, Mwamba anayamba kundiwawa. Tiwale akaponya voice note pagulu, woyamba kuyankha ndi iye: "Tiwale, mawu yako ni moto, manje tizawapha!" Kenako anatulutsa mndandanda wa magalimoto. Tiwale m'galimoto ya Mwamba. Ine? M'galimoto ya jenereta ndi nkhuni.

"Mudala, oimba ayenda pamodzi, tizachita practice munjira," anandiyankha nditafunsa.

Practice m'njira... chabwino.

Lachinayi la sabata yachitatu ndinaona status ya Mwamba. Paki, benchi, iye ndi gitala, Tiwale pambali pake akuimba atatsinzina, ana a madam akuvina kutsogolo. Mtima unandipsa, anzanga. Ine amandiuza kuti sangatuluke, koma wa gitala akumupeza masana dzuwa likuswa mtengo?

Ndinamuimbira foni Tiwale kanayi, osayankha. Ndinaiwaliratu kuti akakhala pantchito foni yake imakhala kuchipinda. Ndinavula epuloni, n'kukwera taxi mpaka pa villa, chinyumba cha madam ake, pomwe ndinkangomuperekeza pakona, osafika pageti. Lamulo lake linali limenelo kuyambira tsiku loyamba: "Pageti usadzafikepo."

Ndinaliza belu.

Anatsegula ndi madam eni ake. Anandifunsa kuti ndine yani. Ndinati ndine chibwenzi cha Tiwale, ndipo ndikungofuna kudziwa ngati ndi zoona kuti mwezi uno alibe off. Anati ndi zoona. M'malo mothokoza n'kubwerera, ine wophunzira uja ndinatulutsa foni.

"Nanga izi?"

Ine ndinkawaonetsa Mwamba. Iwo anaona ana awo. Ana awo pa status ya mwamuna wachilendo, anthu osawadziwa akuwaonera. Nkhope inasintha. Anaitana Tiwale ndi mawu omwe sindidzawaiwala.

Tiwale anatuluka atanyamula mwana wamng'ono, thaulo paphewa. Atandiona anangoima.

"Khalas," anatero madam, kutanthauza kuti basi zatha. "No weekend, no park." Anaonjezera kuti za contract akambirana bwana akabwera.

Tiwale sanalire. Anatsitsa mwana, n'kufika pafupi ndi geti.

"Rodgers, wajambula video imeneyo ukumudziwa?"

Ndinayang'ananso pa foni ija.

"Ndi Matildah, mkazi wa Mwamba. Amalera ana pa villa yachitatu apo. Mwamba amabwera kudzaona mkazi wake, ine ndimapezerapo mwayi wa gitala. Ukanadikira ola limodzi ndikanakuyankha."

"Bae, ine ndimaganiza kuti..."

"Ma off atatu ndagwira ntchito, ndachapa, ndasita, kuti ndikaimbe kamodzi kokha anthu akundimvera, osati kutonthoza mwana. Iwe wabwera ndi taxi kudzafufuta zonsezo."

Geti linatsekeka.

Loweruka magalimoto ananyamuka. Jenereta ndi nkhuni ndinakapereka ndekha, koma sindinakwere. Matildah anali pampando wakutsogolo m'galimoto ya mwamuna wake, ndipo moni wanga sanauyankhe. Mwamba anangoti, "Mudala, unalakwa maningi," n'kutseka chitseko.

Ntchito Tiwale sanachotsedwe, ndinamva kwa a kwaya. Koma kupaki sapitanso ndi ana, ndipo Lamlungu amakwera basi pamalo ena. Uthenga wake womaliza unali waufupi: "Kwa madam ndimapempha chilolezo chotuluka. Sindingamapemphenso china kwa iwe."

Tenti ija sindinaimasule n'komwe. Ili pansi pa bedi, ndipo Smart, yemwe amagona pa bedi la pamwamba pa langa, tsiku lililonse amandifunsa ngati ndikugulitsa.

Anzanga, munthu akakuuzani kuti pageti musafikepo, mverani. Ine ndinapita kukafuna umboni, ndipo ndinaupeza: mtsikana uja sananame ngakhale liwu limodzi.