Chitsulo Chikupuma

Kalipentala anaika mipeni iwiri ija pabenchi mwaulemu, koma kulira kwa zitsulozo kunamulowa mayi wamasiyeyo mpaka m'mafupa. Inali mipeni italiitali ya makina opalira matabwa, imene mayiyo anainola dzulo lake. Bamboyo anaiphatikiza n'kuikweza moyang'anitsa kukhomo. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa pakati pake ngati pachitseko chong'aluka.

"Amayi, malemu amuna anu ine ndinkawalemekeza," anatero kalipentalayo. "Koma mpeni wokhota chonchi chomangira sichiugwira. Ukafwamphuka m'makina udula munthu dzanja. Ndikauza chiyani mkazi wake?"

Pakhomo panali patatsamira mlamu wake wa mayiyo, mkulu wa malemu. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Ndinanena ine. Makina onolerawa anafera limodzi ndi mwini wake. Mlamu, mwezi ukatha ndikubwera ndi wogula zitsulo zakutha. Tiwadula ndi moto, tiwatulutse m'zidutswa. Chipinda chino tiikamo munthu wodziwa chochita."

Inu amene mukuwerenga, nkhani iyi ndimati ndikaifotokoza mtima umandiwira, ndipo sindibisa. Mlamu ameneyu pamaliro analira mokweza kuposa aliyense, koma maso ali pa makiyi a shopu. Misozi isanaume anabwera ndi lole ndi abale ena. Ananyamula makina osemera zitsulo, makina oboolera, owotcherera, masipanala, ngakhale kapampu ka madzi oziziritsira chitsulo. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Chibale cha anthu awa chinanunkha tsiku lomwelo.

Anasiya zinthu ziwiri zokha: mpando wopindika miyendo, poti sakanaugulitsa kulikonse, ndi makina onolera zitsulo. Musaganize kuti chinali chifundo. Malemu anamanga khoma lakutsogolo makinawo ali kale m'kati, ndiye pakhomo sakanatulukira.

Makina amenewa ali ndi mwala wozungulira pamwamba, ndipo pansi pa mwalawo pamayenda tebulo la maginito, uku ndi uku. Ukaika chitsulo patebulopo n'kutembenuza chogwirira, maginito amachigwira nganganga, mwala n'kumachipala. Tebulo likakhala losalala, chitsulo chimatuluka chosalala. Likakhala ndi chilema, chilichonse chogonapo chimatengera chilemacho.

Tsono tsiku losamutsa katundu lija, akuluakulu aja anasowa pokhomera. Anaona tebulo lonyezimira lija n'kuliyesa chipala cha wosula makasu. Anakhomerapo mabawuti ndi hamala, wina n'kusiyapo chitini cha madzi chodontha mpaka dzimbiri linadya. Anthu omwewo ndi amene tsopano ankati makinawo ndi akufa. Kuthyola mbuzi mwendo wekha, kenako n'kumaiseka kuti ikutsimphina!

Mayiyu sanali mlendo pamakinawo. Ananola zitsulo pambali pa mwamuna wake kuyambira ana ali kumsana, ngakhale kuti kwa alamu akewo iye anali wongobweretsa tiyi. Ntchito imodzi yokha ndi imene anali asanaigwirepo: kupala tebulo lenilenilo. Tebulo la maginito silipita kwina kukakonzedwa. Limapalidwa pomwepo, ndi mwala wa makina omwewo, ndipo malemu ankachita yekha.

Mlamu uja atachoka, mayiyo anagwira mipeni ija ndi manja awiri.

"Abambo, isiyeni. Ndipatseni mwayi umodzi."

Kalipentala anakanda m'mutu. "Ndili ndi ina imene ndikugwiritsa ntchito. Ikabuntha ndibwera. Ndikadzapeza zomwezi, musadzati ndine woipa mtima."

M'mawa mwake mayiyo analowa m'shopu atamanga mpango kolimba. Anayatsa makina, anatsitsa mwala, mbaliwali za moto zinathetheka mpaka kukhoma. Chibowo chilichonse cha hamala ankachiona ngati nkhope ya mlamu wake, ndiye ankatsitsa mwala mowonjeza kuti chifafanizike msanga. Madzi panalibe, poti kapampu kanapita. Dzuwa lisanafike pamutu zibowo zonse zinali zitatha, tebulo likuwala ngati galasi. Anaima n'kuseka yekha koyamba chimwalirire mwamuna wake.

Madzulo ananolanso mipeni ija n'kuiphatikiza. Inagwedera. Pakati inali yonenepa, kumapeto yopyapyala, ndipo kuwala kunkadutsa kuposa poyamba. Anagoneka rula yachitsulo patebulo paja n'kuwerama. Tebulo lonyezimira lija linali litalowa m'kati ngati mbale.

Pamenepo ndi pomwe anayang'ana m'mbali mwa tebulo n'kuona kamzere kamene malemu anakanda kalekale. Chitsulo cha pamwamba pa tebulo chili ndi malire. Ukapala kupitirira pamenepo wafika pa maginito, ndipo tebulo latha ntchito. Pakati pa kamzereko ndi pamwamba panangotsala kuchindikala kwa chikhadabo. M'mawa umodzi waukali anali atadya chitsulo chimene mwamuna wake akanapala kwa zaka zambiri.

Anakhala pampando wopindika uja n'kulira, ndipo kulira kwake kunali kwa ukali. Anakwiyira alamu ake. Anakwiyira manja ake. Anakwiyiranso malemu, munthu wochoka osamuphunzitsa ntchito imodzi yokha imene inali yofunika lero.

Ali chikhalire, dzanja lake linagwera lokha patebulo la maginito. Linali lozizira. Anakumbuka kuti m'mawa uja, atangomaliza kupala, linali lotentha moti anachotsapo dzanja msanga. Anaonanso kuti mpandowo unali pamalo poti munthu atakhala amafikira tebulo osadzuka. Pansi panali timaenje tinayi ta miyendo yake, kusonyeza kuti sunkasunthidwa.

Zinthu zinayamba kubwerera. Tsiku lopala tebulo linali tsiku la mkangano m'banja mwawo. Malemu ankayendetsa mwala pang'ono, madzi akuthira, kenako n'kuzimitsa makina n'kukhala pampandopo, miyendo atapingasa. Pakapita nthawi ankagunditsa kuseri kwa dzanja patebulo, n'kukhalanso. Mayiyo ankapsa mtima.

"Bambo a ana, ntchito yaunjikana, inu mwangokhala ngati mlendo! Ulesi wanji umenewu?"

Iye ankangomwetulira. "Chitsulo chikupuma, mayi. Nanenso ndipume."

Zaka zonsezo ankayesa kuti ndi nthabwala za munthu wozemba ntchito. Tsopano anamvetsa. Chitsulo chikatentha chimafufuma, makamaka pakati pamene kutentha kumasowa kothawira. Mwala umadya chofufumacho, tebulo n'kuoneka losalala. Likazizira, pakati pamabwerera pansi, n'kusiya dzenje. Kukhala kuja inali ntchito imene, ndipo mwina inali mbali yovuta kwambiri ya ntchitoyo.

Anayambiranso, koma ulendo uno ngati munthu woyenda pa mazira. Anapachika ndowa kudenga n'kulumikiza kapaipi kuti madzi azitsikira pamwala osaleka. Anasongola mwalawo kuti uzidula m'malo mokhuta n'kumatenthetsa. Anatembenuza chogwirira kuti maginito akhale oyaka, monga amakhalira pogwira ntchito, poti ndi mmene ankaonera malemu akuchitira. Kenako anatenga cholembera chakuda n'kujambula mizere yokhotakhota patebulo lonse, kuti aziona pamene mwala wakhudza ndi pamene sunafike.

Anatsitsa mwala pang'ono kwambiri, mwina osafika ndi theka la tsitsi. Mizere ya m'mphepete inayamba kufufutika, ya pakati ili chikhalire. Anazimitsa makina n'kukhala pampando paja.

Abale anga, kudikira kumawawa pamene uli ndi mdani amene akuwerenga masiku. Manja ankamuyabwa. Mtima unkamuuza kuti tsitsa kawiri, umalize. Koma ankayang'ana kamzere ka malemu kaja n'kupinda manja pachifuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono yakeyi inali yamanyazi kwambiri.

Anthu odutsa pamsewu anayamba kusuzumira. Wowotcherera zitsulo wa shopu yoyandikana ankaima pakhomo n'kupukusa mutu.

"Amayi, kodi mukulondera makinawa kuti angathawe?"

"Ee," ankayankha mayiyo. "Ena anathawa ndikuona, awa ndiye ndawagwira mwendo."

Nkhani inamveka mpaka kwa alamu kuti wamasiye uja mutu wayamba kusokonekera, amangokhala tsiku lonse kuyang'anitsitsa chitsulo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzafunsa ngati ana adya. Kunyoza kokha ndiye ankatumiza mosalephera.

Tsiku ndi tsiku chilumba cha mizere yakuda pakati pa tebulo chinkachepa, ndipo chitsulo chotsala pamwamba pa kamzere kaja chinkachepanso. Funso linali loti chiyambe kutha n'chiti. Anafika poti kadontho kakuda kanangotsala ngati ndalama yachitsulo, ndipo tsiku limenelo ndi limene lole inaima pakhomo.

Mlamu analowa ndi wogula zitsulo zakutha, munthu wamfupi wa magolovesi ong'ambika, anyamata ake akutsitsa mabotolo a gasi wodulira. Kalipentala nayenso anali atafika, poti mipeni yake ina inali itabuntha. Onse anapeza makina ali zii, mayiyo ali pampando, miyendo atapingasa.

"Mwaona?" anatero mlamuyo, akutambasula manja. "Ulesi wokhawokha. Dzukani mlamu, anthu agwire ntchito."

Mayiyo sanadzuke. Anagunditsa kuseri kwa dzanja patebulo.

"Chitsulo chikupuma, alamu. Mudikira."

"Ndidikire chiyani? Ine ndalipira lole!"

"Pamene munkakhomera mabawuti patebulo ili simunandifunse. Lero mudikira."

Mawuwo anatuluka mosakweza, koma anyamata a gasi aja anaima pomwe anali. Wogula zitsulo uja anakhala pachitini n'kunena kuti iye sakufulumira, akufuna aone.

Tebulo litazizira, mayiyo anatsegula madzi, anayatsa makina, n'kutsitsa mwala komaliza. Tebulo linayenda uku ndi uku, uku ndi uku. Kadontho kakuda kaja kanachita mbuu, kenako kanasowa. Anasiya mwala ukuyenda osautsitsanso mpaka mbaliwali zinaleka zokha. Atapukuta m'mbali, kamzere ka malemu kanali kakuonekabe, chitsulo chotsala pamwamba pake chili chopyapyala ngati pepala.

Anagoneka mipeni ya kalipentala, anayatsa maginito, n'kuinola modekha mbali zonse. Atamaliza anaipereka kwa mwini wake. Kalipentala anaipukuta ndi malaya ake, anaiphatikiza, n'kuikweza kukhomo. Anaitembenuza, anatsinzina diso limodzi, anaitembenuzanso. Kuwala sikunadutse. Poti aisiyanitse inakanirira, moti anachita kuisereretsa cham'mbali.

"Amayi," anatero, "mawa ndikubweretserani ina. Ndiuzanso anzanga."

Wogula zitsulo anadzuka n'kudzisasa fumbi. "Bwana, ine ndimagula zakufa. Izi n'zamoyo. Anyamata, kwezani mabotolo."

Mlamu uja anayesa kukweza mawu, kutchula za banja ndi za ufulu wake, koma anali akulankhula ndi misana ya anthu. Anatuluka akupunthwa pakhomo lomwe lija limene linakana kutulutsa makinawo. Kupepesa sanapepese, ndipo mpaka lero sanabweze ndi sipanala imodzi yomwe. Ndikanakonda kukuuzani kuti anasintha, koma ndikhala ndikunama.

Onse atapita, mayiyo anatseka madzi n'kuima kutsogolo kwa mpando wopindika uja. Anaugwira pamsana ngati akugwira phewa la munthu.

"Pepani, bambo a ana. Sunali ulesi."

Kuchokera pamenepo ntchito inayamba kubwera, poyamba mipeni ya akalipentala, kenako ya odula malata ndi ya osindikiza mabuku. Anagula kapampu katsopano, ndowa ija n'kutsika kudenga. Patapita zaka anagula tebulo la maginito latsopano ndi makina ena awiri, ndipo anagumula khoma lakutsogolo yekha kuti makinawo alowe. Pano amaphunzitsa atsikana ndi anyamata ntchitoyi. Mpando uja sanautaye, ndipo wophunzira aliyense amayamba wakhalapo tsiku lopala tebulo, manja akumuyabwa.

Tsono iwe amene anakulanda n'kukusiyira zoti iwo alephera kunyamula, ndikulankhula ndi iwe. Kwiya ndithu, pakuti zimene anakuchitirazo n'zoipa ndipo palibe chifukwa chozikometsera. Koma usagwire ntchito yako ndi dzanja lotentha, ungadye chitsulo chochepa chimene chakutsalira. Pala pang'ono, ukhale pansi, upalenso. Akamaseka kuti wangokhala, asiye aseke. Mtima wokhawo usautaye, chifukwa umenewo sanaukweze palole.