Uyambire Kumanja

Anabwera m'mawa, ndili pansi pa mtengo wa mango ndikusoka ukonde. Unali mwezi wa Juni, m'zaka zija za chipani chimodzi, kwathu ku Makanjira. Anali amuna awiri ovala nsapato zonyezimira, ndipo kumchenga kwathu nsapato zotere sizibweretsa uthenga wabwino. Mmodzi anati, "Mnyamata, tiye ukayankhe pang'ono kuboma." Ndinatembenukira kwa ababa, monga ndinkachitira pa chilichonse.

Ndinali nditamera kale ndevu, koma ukonde unali wa ababa, bwato la ababa, ngakhale malaya ankandisankhira ndi iwo. Ababa ndiwo ankasambitsa maliro a amuna m'mudzi mwathu. Ndikapempha kulowa nawo kuti ndiphunzire, ankangoti, "Iwe tunga madzi, usiye pakhomo. Ukadali mwana." Zinkandiwawa, koma ndisaname, zinkandikomeranso, chifukwa mwana amamuganizira ndi ena. Tsiku limenelo ababa anangoti, "Pita, ndikutsatira." Ndinakwera lole mtima uli m'malo.

Mlandu wanga unali mphepo. Mwera utatikaniza kulowa panyanja masiku ambiri, ndinanena kudoko kuti, "Mwerayu watikwana, bola mpoto ubwere tipume." Msodzi aliyense amadziwa kuti mwera ndi mpoto ndi mphepo. Koma wina wamakutu aatali anakanena kuti ndikudikira anthu ochokera kumpoto odzagwetsa boma.

Kutauni anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera.

"Mpoto ameneyu ndani? Abwera liti?"

"Ndi mphepo, bwana."

"Mphepo imapumitsa anthu? Ukutiyesa ana eti?"

Anandifunsa choncho mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sankafunsa ndi pakamwa pokha. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero. Kukhoti sindinapiteko. Ananditumiza kundende ina, kutali ndi nyanja.

Miyezi yoyamba ndinkangoyang'ana chitseko. Makiyi akalira, ndinkati ababa afika. M'chitokosi mwathu munali nkhalamba ya ku Katuli, mlimi amene anamangidwa chifukwa chodyetsa abale ake othawa nkhondo kutsidya kwa malire. Tinkawatcha Ambuje, ulemu wa Chiyao. Iwo ankanditcha mwanache, kutanthauza mwana. Ankandiseka, amvekere, "Mwanache, chitsekocho uchiboola ndi maso. Ababa ako muno sangalowe. Muno baba wako ndiwe wekha." Ndinkakwiya nawo, koma malo anga ogona anali pafupi ndi iwo.

Mvula itayamba, m'ndende munalowa matenda a m'mimba. Ambuje anatha thupi mpaka ndinkawanyamula ngati mtolo wa bango. Tsiku lina anandigwira dzanja.

"Muno Asilamu tilimo awiri. Kufa sindikuopa ayi. Ndikuopa kupita kwa Mulungu ndi litsiro la muno. Udzandisambitse."

"Ine sindidziwa, Ambuje. Kwathu ababa ndi amene..."

"Ababa, ababa! Nanga ndevuzi ukusungira ndani?"

Anandiphunzitsa ali chigonere, akupumira pakati pa mawu. "Uyambe wandifunditsa nsalu, kuchokera pamchombo mpaka m'mawondo. Unditsuke monga munthu wopita ku swala kumzikiti. Ukatero uyambire kumanja, kenako kumanzere, katatu. Pang'onopang'ono, usandikweche ngati poto. Ndipo zimene udzaone pathupi langa, usakauze munthu." Ankandibwerezetsa tsiku lililonse, ndikalakwitsa n'kunditsina khutu labwinoli.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, tisanalandire madzi. Tinkalandira kapu imodzi munthu aliyense, yomweyo ya tsiku lonse. Ndinagogoda chitseko n'kupempha woyang'anira ndende kuti atiwonjezereko.

"Amoyo mukununkha, iwe ukufuna kusambitsa wakufa?" anatero. "Tibwera masana kudzatola. Bulangete musalikhudze, ndi la boma."

Ndinatembenuka kufuna woti ndimuyang'ane, koma panalibe. Madzi atabwera, ndinatsuka beseni lolandirira chakudya, ndinathiramo kapu yanga, n'kuima pakati pa amuna aakulu kuposa ine. Ndinati, "Abale, Ambuje anandipempha kuti ndiwasambitse. Ndilibe madzi." Kenako msodzi wina wachikhristu wa ku Monkey Bay anadzuka.

"Mwambo wanu sindiudziwa, achimwene," anatero, "koma ine ndimwa mawa."

Anathira yake. Ena anatsatira, ngakhale si onse, ndipo sindiwadzudzula. Anaima mondizungulira atatembenuzira misana kwa ife, kuti Ambuje asaonedwe. Ndinayambira kumanja. Sindinadumphe kanthu. Za zimene ndinaona pamsana pawo, anandiletsa kunena. Sanda, nsalu yoyera ija yokulungira maliro, panalibe. Ndinang'amba malaya anga, omwe aja anandisankhira ababa, ndi malaya a anthu ena awiri. Pemphero la maliro ndinawaswalira ndekha. Masana anabwera kudzatola monga ananenera, ndipo kumene anakawaika sindikudziwa. Kuyambira tsiku limenelo sindinayang'anenso chitseko.

Ndinatuluka zinthu zitayamba kusintha m'dziko. Woyang'anira anangoti, "Iwe wa mphepo, dzipita." Palibe anapepesa. Palibenso anabwera kudzanditenga, ndipo njira ya ku Makanjira ndinaifunsa ndekha, lole ndi lole.

Amayi ndinawapeza akuyanika usipa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene moyo wanga wonse ankanditi iwe, anati, "Mwabwera, bambo?" Pomwepo ndinadziwa, asananene. Ababa anali atamwalira dzinja lapitalo. Ananditsatiradi. Anapita kutauni kambirimbiri, mpaka kugulitsa ukonde, ndipo ulendo uliwonse ankawathamangitsa pageti.

"Anawasambitsa ndani?" ndinafunsa.

"Anthu a mudzi wina," anatero amayi. "Akudwala ankangodandaula kuti, mwana uja sindinamuphunzitse, adzatani?"

Ndinalira, ndipo ndimaliriabe ndikakumbukira. Amene anandiumba m'ndende ndinawasambitsa, amene anandibereka ndinawaphonya. Ufulu umene ndinkaulota ndili mkati unali woti ndibwerere kumbuyo kwa ababa. Umene ndinaupeza ndi wa munthu wopanda womutembenukira, ndipo ndi wolemera. Lero ndine amene ndimasambitsa maliro m'mudzi mwathu, ndipo mwana wanga samasiya madzi pakhomo, amalowa nane.

Koma tsiku lija sindinaganize zonsezi. Sindinadye, sindinafunse munthu. Ndinatenga ketulo ya ababa, ndinatunga madzi odzaza, n'kupita kumanda. Udzu unali utamera kale pamtumbira. Ndinauzula, ndinapempha duwa, pemphero lathu lopempherera akufa, kenako ndinati, "Ababa, musadandaule. Ndinaphunzira." Ndinathira madziwo pamtumbirapo pang'onopang'ono, ndipo ndinayambira kumanja.