Mtedza wa M'paki

Chaka chimene ndinafika ku Brampton, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinali ndi pakati. Tinkagona kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, kwa alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anesi amene anabwera kuno kalekale. Amuna anga ankalawirira kukanyamula makatoni kuntchito, ine n'kumatsala ndi alamuwo.

Kuchipatala anandiuza kuti magazi anga ndi ochepa, ndizidya bwino kuti mwana akule. Tsiku lina alamu anawotcha timtedza tofiirira togula m'sitolo, amati chesinati. Anandipatsa tiwiri. Tinkakoma ngati mbatata yootcha.

"Muli zofunika m'thupi zambiri umu," anatero. "Potaziyamu, ayironi pang'ono, mafuta ochepa. Koma si za aliyense izi, n'zodula."

Sindinapemphe kachitatu. Wogona m'nyumba ya eni amadziwa polekezera.

Sabata yomweyo, pochokera kokwerera basi, ndinadutsa m'paki. Pansi pa mtengo wina panali timtedza tangati tomwe tija mbwee, tonyezimira, anthu akungotiponda. Mumtima ndinati anthu akuno kukhuta kwawapweteka. Kwathu ku Dedza masuku akagwa sitifunsa munthu, timatola. Ndinamasula chitenje chimene ndinkavala mkati mwa jekete n'kudzaza.

Ndikuwotcha kukhitchini, alamu analowa. Anatola kamodzi, n'kukatembenuza, n'kukayang'ana kunsonga. Lero ndikudziwa chimene ankafuna kuona. Kodyedwa kamakhala ndi kansonga kaubweya. Ka m'paki kaja n'kobulungira, ndipo n'kapoizoni.

"Mwazitenga kuti?"

"M'paki, alamu. Zaulere."

"Ehe. Mwachangamukatu." Anakabweza m'mbale n'kukwera kuchipinda kwawo.

Kuwawa kwake ngati kwinini. Koma ine ndinakula ndikumva kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza, ndiye ndinkatafuna n'kumamezera madzi, ndikuganiza za mwana. Pofika madzulo ndinali thapsa m'bafa, ndikusanza, m'mimba mukupota, manja onse awiri ali pamimba. Za ine sindinkalabada, ndinkaopa kupita padera. Amuna anga anathamangira nane kuchipatala, kumene anandiika diripi. Mtima wa mwana utamveka pamakina, ndinalira mpaka namwino anandigwira dzanja.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, Amalawi ndi Azambia tinakumana kunyumba ina ku Markham. Alamu anaifotokoza nkhani yonse, ine ndili pomwepo.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Munthu kukalimbirana chakudya ndi agologolo."

Anthu anaseka mpaka misozi. Mayi wina wa ku Chipata yekha ndiye anafunsa kuti, "Nanga imwe simunaone?"

"Ndinaona. Ndimati munthu wamkulu alavula yekha."

Mwanayo anabadwa bwinobwino, wamkazi, pano ali kusekondale. Khirisimasi iliyonse alamu amabwera ndi kathumba ka chesinati n'kundipatsa pamaso pa anthu. "Awa ndi a m'sitolo, musaope." Ndimalandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira amayi anga. Koma mlamu wanga ameneyu ndimadana naye, ndipo Mulungu akudziwa.

Khirisimasi yapitayi ndinamva mwana wanga akufotokozera anzake nkhani ija m'Chingerezi, patebulo. Anawerama n'kumatola za pansi, akuyerekeza ine ndi chitenje changa. Azakhali ake, amene anamuphunzitsa zonsezi, ankasenda chesinati uku akumwetulira.

Ndinadikira kuti kuseka kuthe. Ndinamuyankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti amve liwu lililonse.

"Azakhali ako anakuuza kuti kamtedzako anakagwira m'manja, akudziwa kuti n'kapoizoni?"

Anapukusa mutu.

"Anakuuza kuti m'mimba imene ndinkagwira m'bafa muja munali iweyo?"

Mwana anatembenukira kwa azakhali ake, nkhope itagwa. Iwo anamaliza kusenda, n'kuponya mkamwa, n'kutafuna bwinobwino.

"Koma si uyu ali moyo?" anatero.