Ming'oma ya pa kasupe wa mlongo wanga

Ndinanyamuka ku Moatize dzuwa litangotuluka, nkhwangwa nditaikulunga m'thumba la ufa. M'nyumba munali mutatsala mgaiwa wa m'kambale. Chichokereni ku Chipanga, kumene tinasamutsidwa kuti akumbe malasha, ine woumba njerwa ndinasanduka wa maganyu. Ndiye mwini padariya wina atandiuza kuti akufuna nkhuni zophikira buledi, galimoto yodzaza, ndinakumbukira nkhalango ya malemu amayi ku Zobwe. Amene amakhala kumeneko ndi mlongo wanga Selestina, koma mwini mbumba ndine. Ndinkapita kukagwetsa mitengoyo kuti ana anga adye.

Shapa ya ku Zobwe inali kaminibasi kotopa, chitseko chomanga ndi chingwe. Kobradolo, wotolera ndalama uja, anati mtengo ndi mametikali mazana awiri, kenaka anayang'ana thumba langa.

"Nkhwangwa nayonso ilipira, bambo."

"Ikhala pampando?"

Anaseka nandikankhira m'kati. Tinapanikizana anayianayi, bondo langa lili m'dengu la usipa wa mayi wina. Mpaka pa mphambano ya ku Kateme tinkangotsokomola fumbi la magalimoto a ku mgodi. Kunja kunali zitsa zokhazokha, ndi matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa msewu.

Pa Kapirizanje tinaima kuti injini imwe madzi. Ndinagula chimanga chootcha ndi kapu ya masau ouma. Pomwepo anakwera mkulu wina wa ku Nkondezi, wolankhula ngati wailesi. Atamva za ulendo wanga anandigwira paphewa.

"Kumtundako achenjera masiku ano, achimwene. Akupachika ming'oma ya njuchi m'mitengo. Mukudziwa mwambo wake: mtengo wa mng'oma sugwetsedwa mpaka mwini mng'omawo atautsitsa yekha. Koma musaope. Yambiri ndi yopanda kanthu, angopachika kuti aopseze odula."

Anatsika pa Musakama, mawu ake n'kutsala ndi ine. Kuchokera apo msewu unayamba kukwera, mphepo inazizira, shapa inkalira ngati mbuzi yomangidwa. Ine wa kuchigwa, malaya amodzi, ndinafika pa Zobwe mano akugundana.

Kumudzi ndinayenda wapansi. Selestina ndinamupeza kudimba, matope mpaka m'mawondo, akutsegulira madzi m'mizere ya mbatatesi ndi kabichi. Mwamuna wake anamwalira kale, dimbalo ndilo limalera ana ake. Madziwo amachokera pa kasupe wa m'nkhalango ija, n'kutsika m'kangalande kokumba ndi khasu. Anandilonjera mwaulemu, atagwada, koma maso ake anali pa thumba.

"Kwagwanji, achimwene?"

Ndinamuuza zonse, osabisa. Sanakane, sanavomere. Anangoti, "Tiyeni mukaione mitengo yanuyo."

Abale inu, mitengo! Mikuyu, mbawa, miwanga yoti anthu awiri sangaikumbatire. Pansi pake ponyowa, pozizira, madzi akutumphuka pakati pa mizu. Ndipo pafupifupi mtengo uliwonse waukulu unali ndi mng'oma, chipika champhako chomangidwa pa mphanda. Ndinaseka chamumtima. Ndinasolola nkhwangwa, n'kugogoda mng'oma wam'munsi ndi mpini kuti mlongo wanga aone kuti ine sindinamizidwa.

Mayo ine, njuchi! Sindikudziwa kuti mkulu wa ku Nkondezi uja ali kuti lero, koma ndikadzakumana naye tidzakambirana. Ndinathamanga mpaka kudimba, n'kudziponya m'ngalande chafufumimba. Selestina anaseka mpaka kukhala pansi, kwinaku akundizula mbola m'khosi ndi m'zikope.

Kuseka kutatha tinakhala pa mzere, ine diso limodzi litatsekeka. Anandiuza kuti ming'omayo ndi ya amayi a m'mudzimo, Akatolika ndi a mipingo ina pamodzi. Anaipachika ataona akasupe a kutsidya akuuma, otentha makala atamaliza mitengo.

"Koma ya pa mitengo ikuluikulu itatu ya pa diso la kasupe si ya amayiwo ayi," anatero. "Ndinaipachika m'dzina lanu, monga malume wa ana anga. Mukafuna, itsitseni nokha madzulo njuchi zikagona. Palibe angakuletseni."

"Ana anga ali ndi njala, mlongo."

"Ndikudziwa. Nkhuni zimenezo mudya mwezi umodzi, mwina iwiri. Kasupe akauma, ine ndi anawa tilowera kuti? Inu anakusamutsani ndi makina, achimwene. Ine mundisamutsa ndi nkhwangwa."

Zinandipweteka kuposa njuchi zija. Ndinakwiya, kenaka ndinachita manyazi, chifukwa tsiku limene tinakwezedwa pa lole ku Chipanga ndimalidziwa ndine. Madzulo anafika, ming'oma sindinaitsitse.

M'mawa mwake anandipatsa thumba la mbatatesi, makabichi ndi botolo la uchi. Anandionetsanso chigawo cha dimba chimene chinangomera udzu posowa manja, nati ndikafuna ndibwere ndidzalime. Anandiperekeza mpaka pamsewu thumba lili pamutu pake.

Pobwerera shapa inkatsika mosavuta, kutentha kukuwonjezeka pang'onopang'ono. Mayi wina anandiyang'ana nkhope n'kufunsa ngati ndamenyedwa ku mowa. Ndinati eya, poti zoona zake zinali zazitali. Mbatatesi ija tinadya ina, ina mkazi wanga anagulitsa pa msika wa Moatize. Sinatifikitse patali, koma chilimwe chimenecho ndinakwereranso ku Zobwe ndi khasu, ndipo mpaka lero ndimalima pa madzi a kasupe uja.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti mmphawi sadula mtengo chifukwa chodana nawo, njala ndiyo imamutuma, ndipo amene amalipira ndi mmphawi mnzake wokhala kumunsi kwa madzi. Nditapita kukapepesa kwa mwini padariya uja, sanadandaule n'komwe. Anandilozera mulu wa zipika zaziwisi kuseri kwa uvuni, zina zikudontha utomoni, nati wina wabweretsa kale. Mitengo inagwabe sabata imeneyo, kungoti inagwa kwa mlongo wa munthu wina.