Malo a Bambo pa Mphasa

Ndikukumbukira, ine ndikukumbukira ndithu, chaka chomwe ndinafunda nsalu ya pabedi n'kusanduka mwana wa ku Roma! Ndinali kamtsikana kogweluka mano, miyendo ili mbuu ndi fumbi la ku Phalombe. Bambo anga anali ku Joni, ku migodi. Anapita ndikadayamwa chala, kunyumba kunangotsala jekete lawo pa msomali.

Pa tchalitchi pathu panali Mayi Nachisale, otiphunzitsa nyimbo. Mayi amenewo mutu wawo unali nkhokwe! Anapeka okha sewero la Akhristu oyambirira aja, a nthawi imene kupemphera kunali mlandu, anthu akusonkhana m'nyumba mobisala ngati akuba. Inali nkhani ya mtsikana wina, Selina, amene bambo ake anagwidwa ndi asilikali a Chiroma. Tsiku lopemphera likafika, anthuwo ankayala mphasa, n'kusiya malo a munthu mmodzi, n'kuikapo chidutswa cha mkate. Mapeto ake ndende inatseguka, bambo aja anagogoda, mwana n'kuwalandira ndi nyimbo.

Selina ndinali ine. Aleluya, ine amene! Mkate wathu unali chigumu, asilikali anavala mabeseni kumutu, mikondo ya mapesi ili m'manja. Bambo a m'seweromo anali aChikopa atelala.

Koma nkhani ija inandilowa m'mafupa. Ndinati mumtima, ngati malo ndi mkate zinabweza bambo a Selina, nanga anga alakwa chiyani? Ndinayamba kupachula jekete lija nthawi ya chakudya, n'kuliyala pa mphasa, n'kuikapo kachidutswa ka mbatata. Amayi ankangoyang'ana kumbali. Nkhuku ndi zomwe zinanenepa.

Pasaka anafika, tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Ine ndinali nditamuuziratu Mulungu kuti lero ndi lero. Tinakhala pa mphasa, malo aja ali apo, chigumu chili apo. Ndiye kunamveka go, go, go! Mtima unathamanga kundisiya m'mbuyo. Ndinakankha chitseko cha bango cha m'seweromo, ndipo panaima aChikopa, ndevu za khonje zikulendewera, akununkha mafuta a makina osokera.

Nyimbo inathawa. Ndinangoti, "Si amenewa."

Anthu anaseka, ee, anaseka mpaka beseni la msilikali wina linagwa. Atelala anatambasula manja, nanong'ona kuti, "Imba iwe, ndevuzi zikundiyabwa!" Ine ndili chilili, misozi chuchuchu, ndikusuzumira kumbuyo kwawo ngati kukubwera wina. Kuseka kunazirala. Ku mabenchi a amayi kunamveka munthu akusisima, ndipo mawuwo ndinawadziwa.

Mayi Nachisale anadzuka osafulumira. "Bwererani kundende aChikopa, nthawi yanu sinakwane." Atelala anabwerera chafutambuyo. Kenaka mayiwo anatembenukira kwa anthu nati, "Abale, tsiku limenelo bambo aja sanabwere. Koma anthu a Mulungu sanapinde mphasa." Anandigwira dzanja, nayambitsa nyimbo, tchalitchi chonse chinavomera mpaka malata ananjenjemera.

Titatuluka ndinawafunsa ndili ndwii, "Nanga malowo ntchito yake n'chiyani, ngati sabweretsa munthu?"

Anandipukuta mamina ndi ngodya ya chitenje chawo. "Malo sakoka munthu, mwanawe, si chingwe. Amangoti akabwera asapeze titathithikana, ngati sanakhalepo."

Bambo sanabwere. Pasaka wina sanabwere, chaka chimene ndinakwatiwa sanabwere, amayi anagona m'manda akadawadikira. Kaya mgodi unawameza, kaya moyo wa kumeneko unawamanga miyendo, adziwa ndi Mwini wake. Ndikukula ndinkawakwiyira bambowo. Ndinkati munthu wofuna kwawo amangonyamuka.

Ha, Mulungu ndi wanthabwala! Lero ndine gogo wa imvi, ndipo wa ku Joni uja ndine. Ndikulera ana a eni kutali kuno kwa Aarabu, m'nyumba zosanja za ku Jumeirah Lake Towers, m'mwamba momwe ngakhale khwangwala safika, zidzukulu zanga zikugweluka mano ine kulibe. Kunyamuka? Pali kontirakiti, pali sukulu ya ana, pali denga losamalizidwa. Ndikaima pa windo ndimafunafuna phiri la Michesi, ndimangoona magalasi okhaokha.

Lamlungu ndikapeza ofu ndimapita kukapemphera ku Oud Metha, tikaweruka ine ndi anzanga odzagwira ntchito kuno timakathithikana ku Satwa, m'kachipinda ka Amake Daliso a ku Chipata. Nsapato mulu pakhomo, fani ikulira, tiyi wa mkaka, buledi wachiarabu wopyapyala uja. Nyimbo timaimba chapansipansi kuopa oyandikana nawo. Ndikatiyang'ana ndimaseka ndekha: si sewero la Mayi Nachisale ili? Kwangosowa mabeseni!

Sabata iliyonse pamakhala wina amene madamu ake am'kaniza ofu. Ine ndimayala mpango pa kapeti, n'kuikapo chidutswa cha buledi.

"Yalla, tiyeni ambuya, tidye!" amatero Amake Daliso. "Uja sazabwela, madamu wake ali na alendo. Malo ni yochepa muno, mufuna tinkhale pa mutu panu?"

"Khalani pamutu pomwepa, habibi, wokondedwa wanga, koma apo ayi. Khalas, nkhani yatha!"

Amaseka, koma amasendera.

Pa Khirisimasi wapitayu mdzukulu wanga Tadala anandiimbira pa foni ya kanema. Anazungulitsa foni kuti ndione onse ali pa mphasa, ndipo pakati pa iye ndi mlongo wake panali chitenje changa chakale cha maluwa ofiira, pamwamba pake kambale ka mpunga. Amake a Tadala, mwana wanga, ndi amene ankandiona ali mwana ndikuyalirabe bambo jekete lija, sindinawaphunzitse ndi pakamwa.

"Agogo, awa ndi malo anu. Mubwera liti?"

Ndinaimba, ana inu, ndinaimba nyimbo ija inandithawa pa chitseko cha bango, misozi ikugwera pa foni. Pamenepo ndi pomwe ndinawakhululukira bambo anga. Tsopano ndikudziwa kuti wosabwera si woiwala ayi. Mwina nawonso ankaima pa windo lina ku Joni, akufunafuna Michesi.

Tadala mwanawe, mpungawo idya usaonongeke. Chitenjecho chokha usapinde.